Wabwerera ku Chipata Kudzayambanso Maphunziro

Basi yocokera ku Lusaka ikadutsa pa cipilala colandirira alendo ndi kulowa mu mzinda wa Chipata dzuwa litapendeka, anthu otsikamo amakhala a mitundumitundu. Pamakhala amalonda ndi mitolo yao ya salaula, anchito a Boma ocokera ku misonkhano, ndi odwala obwerera kwao atatulutsidwa ku cipatala cacikulu. Madzulo ena a mwezi wa Juni m'caka ca 2024, pakati pa anthu otere panatsika mtsikana wa zaka 20, atanyamula sutukesi, bulangete, mbaula yaing'ono ndi katoni ya mabuku yomangidwa ndi mphira wa njinga. Sinali nthawi ya chuthi. Anzake onse anali m'kalasi ku Lusaka, makilomita oposa 550 kumbuyo kwake.

Dzina lake sindilichula, pakuti iye mwini anapempha motero. Koma ndiulule poyambirira kuti ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo ine ndine malume wake. Awerengi amene anakulira pa mwambo wa Cicewa adziwa kale kulemera kwa mau amenewa. Mwana wa mlongo akakhumudwa pa njira, amene afunsidwa ndi malume, mwini mbumba. Cotero amene anakamlandira pa siteshoni tsiku limenelo ndine. Sanalire ai. Anangogwada pang'ono nati, "Amalume, ndabwera," ndipo tinakweza katundu pa njinga ziwiri za hayala osanenanso kanthu.

Nkhani yake ndailemba cifukwa si yake yekha. Alipo makolo m'cigawo cino ca Kum'mawa amene mwana wao anayamba maphunziro apamwamba kwina, zinthu zinabvuta, ndipo tsopano afunsana usiku ngati nkwabwino kumsamutsira ku koleji yaing'ono ya pafupi, kapena kumsunga pa mudzi kufikira zinthu zitakhalanso bwino.

CIMENE CINAMCOTSA KU LUSAKA

Mtsikanayu anakhoza bwino mayeso a Giredi 12, napeza malo pa yunivesite ina yaikulu ku Lusaka kuti aphunzire kasungidwe ka mabuku a ndalama. Tsiku limene uthenga unafika, ku mudzi kwao ku Chipangali kunaphedwa nkhuku zitatu. Ngongole ya Boma sanaipeze. Bungwe lopereka ngongole za maphunziro apamwamba, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, limathandiza ophunzira ambiri caka ndi caka, koma opempha amaposa amene ndalama zingawakwanire. Conco makolo ake anati adzalimba okha. Mlamu wanga ndi mlimi wa cimanga, nshawa ndi mpendadzuwa. Caka coyamba analipira ndi zokolola za mu 2023, naonjezerapo ng'ombe imodzi ya pa goli.

Za cimene cinatsatira palibe mlimi wa kuno amene afunika kuuzidwa. Mvula inayamba monga mwa zaka zonse, koma inadula mu Januwale 2024, ndipo mu Febuluwale, cimanga cili pa ngayaye, kumwamba kunangoti mbee. Pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Ananena kuti mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi miliyoni imodzi anaonongeka, ndi kuti maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa. M'munda wa mlamu wanga, m'mene ngolo imabwerera kambirimbiri pa nthawi yokolola, munatuluka cimanga cosakwanira ngakhale kudya kwa pa nyumba.

Tsono ku Lusaka ndalama sizidikira mvula. Pafunika za sukulu, za cipinda cimene atsikana anai anali kugawana, za basi, za makala, za ufa ndi ndiwo, ndiponso za intaneti, pakuti masiku ano zolemba zambiri za aphunzitsi zimadzera pa foni. Iye anayesa kugulitsa zitumbuwa pa cipata ca nyumba imene anali kukhala. Anayamba kudya kamodzi pa tsiku osatiuza. Mayeso atayandikira anauzidwa, monga mwa malamulo a malowo, kuti wosalipira gawo loikika sangalowe m'cipinda ca mayeso. Pamenepo anamanga katoni yake.

Miyezi isanu ndi umodzi anakhala kunyumba kwanga. Anali kudzuka tambala woyamba, kusesa, kutunga madzi, ndi kubisala m'nyumba pakabwera alendo. Anansi ena, monga mudziwa khalidwe lathu, anayamba kumuyang'ana pamimba. Mu Okutobala tinakhala pansi ku mudzi, ine, mlongo wanga ndi mlamu. Mlamu anafuna kuti mwana adikire, mvula ikagwa abwerere kumene anacoka, cifukwa sanagulitsire ng'ombe uphunzitsi. Mlongo wanga anangoti mtsikana wodikira mvula pa mudzi sadikira yekha, pakhala ena omdikira. Mau amenewo ndiwo anatha nkhani.

MAKOLEJI A PAKHOMO

Ine ndinalekezera pa Giredi 12, ndipo m'kalasi ya koleji sindinakhalemo. Ndibvomere kuti ndinali mmodzi wa anthu oganiza kuti maphunziro enieni ali ku Lusaka ndi ku Kitwe kokha. Maganizo amenewa ali ndi pocokera. Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 cabe. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba anasonkha zimene anali nazo kuti imangidwe. Kuyambira pamenepo mwana wopita ku yunivesite anasanduka ulemu wa mudzi wonse, ndipo wopita ku koleji ya pafupi anayesedwa wotsalira.

Komatu cigawo cino sicinayambe dzulo kuphunzitsa anthu. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndi ku Madzimoyo mu 1903. Ku Magwero kuli sukulu ya akhungu ndi ya ogontha, zodziwika m'dziko lonse. Ku Madzimoyo, pa mseu wa ku Katete, kunayamba mu 1951 sukulu yaing'ono yophunzitsa abusa. Sukulu imeneyo nayonso inasamuka monga asamukira ana athu. Mu 1969 inapita ku Lusaka, ndipo pambuyo pake inapatsidwa dzina la M'busa Justo Mwale, amene mu 1929 anakhala munthu woyamba wa m'dziko lino kudzozedwa ubusa mu mpingo umenewo. Lero ndi yunivesite ku Chamba Valley, ndipo mwa anthu odutsa pa cipata cake ngocepa amene adziwa kuti mizu yake ili kuno kwathu.

Mwana wa kuno angaphunzire uphunzitsi pa Chipata College of Education, nchito za manja pa Chipata Trades Training Institute, unamwino ku Mwami kwa a Adventist kapena ku St Francis ku Katete, ndi malonda a zokolola ku Katete komweko. Palinso makoleji ena a mipingo ndi a anthu wamba. Ina mwa imeneyi, yophunzitsa aphunzitsi, imene ili kunja pang'ono kwa mzinda, ndiyo inalandira mwana wa mlongo wanga mu Januwale 2025. Ophunzira ake onse angakwane m'nyumba imodzi ya mapemphero ya pa mudzi. Malipiro ake ngocepa poyerekeza ndi a ku Lusaka, ndipo ufa ndi ndiwo zikhoza kucokera ku mudzi pa galimoto za pa mseu wa ku Lundazi.

CAKA CIMENE CINAPITA NDI MADZI

Cobvuta coyamba cinali pepala. Koleji yatsopano inafuna cikalata coonetsa maphunziro amene anakhoza ku Lusaka, koma cikalataco sicikanatuluka kufikira ngongole ya kumeneko italipidwa. Apa mpamene ndinadziwa mtengo wa umalume. Ndinakongola ku kabungwe kathu ka pa nchito, ndipo kufikira lero amandidula pa malipiro mwezi ndi mwezi.

Titapita naco cikalataco, mkulu wa koleji anatilandira yekha mu ofesi yake, nawerenga mzere ndi mzere. Ndi mai wacikulire, wofatsa, wosathamangira mau. Mwa maphunziro onse amene mtsikanayo anakhoza, anabvomera awiri okha, la Cingerezi ca m'makalata ndi la kompyuta. Enawo anati ngabwino ndithu, koma sagwirizana ndi zimene mphunzitsi afunika kudziwa. Tanthauzo lake linali lakuti ayambirenso caka coyamba, pamodzi ndi ana ongocoka kumene ku sekondale. Pobwerera, tili pa mseu, anandifunsa kuti, "Amalume, nanga ng'ombe ya atate ija inapitiranji?" Ndinasowa poyankha.

M'maiko ena nkhani yotere ili ndi njira yake yodziwika. Ku America phunziro lirilonse limene wophunzira wakhoza limawerengedwa ngati njerwa. Akasamuka amanyamula njerwa zake nakamangira pa sukulu yatsopano. Kumenekonso si zonse zimene zimalandiridwa, koma munthu amatha kudziwiratu asananyamuke. Anthu a kuno kwathu anaiyenda kale njira imeneyi. Dr Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu, atatsiriza ku Wilberforce ku Ohio, analowa Indiana University, nasamukira ku University of Chicago kumene anatsiriza mu 1931, asanapite ku Meharry kukaphunzira udokotala. Legson Kayira wa kumpoto kwa Malawi ananyamuka pansi mu 1958 nayenda kufikira ku Khartoum. Mu 1960 anafika pa Skagit Valley College, koleji yaing'ono ya zaka ziwiri m'cigawo ca Washington, ndipo kucokera pamenepo anasamukira ku University of Washington, kenaka ku Cambridge. Ngakhale Barack Obama anayamba pa koleji yaing'ono ya Occidental ku Los Angeles, nasamukira ku Columbia ku New York mu 1981. Anthu amenewa anali kukwera phiri. Wathuyu anali kutsika, ndipo wotsika palibe amene amamuimbira nthungululu.

Kuno kwathu maziko alipo. Boma linakhazikitsa bungwe la ZAQA ndi lamulo la mu 2011 kuti liike masatifiketi, madipuloma ndi madigiri onse pa muyeso umodzi, ndipo Higher Education Authority, ya lamulo la mu 2013, ndiyo iyang'anira mayunivesite. Koma pa tebulo la mkulu wa koleji cimene ciweruza ndico kufanana kwa zimene wophunzira anaphunzira ndi zimene kolejiyo iphunzitsa. Sindinena kuti mai uja analakwa. Wophunzira za ndalama sangasanduke mphunzitsi wa ana cifukwa ca cifundo cabe. Cimene ndidandaula ncakuti ife sitinafunse zimenezi tisanakongole. Tikanadziwa kuti cikalata cija cidzapulumutsa maphunziro awiri okha, tikanalipirabe, pakuti ngongole ndi ngongole, koma pang'onopang'ono, osathamangira ndalama ya ciongoladzanja.

MUDZI WA ANTHU ODZIWANA

Ku Lusaka anali kukhala m'holo ya anthu mazana, mphunzitsi akulankhula pa cokuzira mau, ndipo iye anali nambala pa pepala. Akadwala mlungu wathunthu palibe wodziwa. Pa koleji yatsopanoyi m'kalasi mwake muli anthu osakwana 30. Tsiku lacitatu mkulu wa koleji anamuitana ndi dzina pa khonde namfunsa za moyo wa amai ake. Iye akuti poyamba zimenezi zinamuopsa. Munthu wozolowera kubisala m'khamu, akaikidwa pa mbalambanda, amamva ngati aliyense akumuwerenga nthiti.

Belu limalira m'mamawa. Pali mapemphero, pali kusesa, ndipo gulu lirilonse lili ndi mabedi ake a repu, matimati ndi anyezi m'dimba la koleji. Cakudya ndi nsima ndi nyemba, kapenta kapena soya, pamodzi ndi masamba a m'dimba lomwelo. Loweruka amene ali ndi kandalama amakwera njinga za hayala kupita ku tauni kukagula sopo, ndipo opanda ndalama amacapa ndi kulukana tsitsi. Caka ca 2025 cinali cikali ca kuzimazima kwa magetsi, popeza madzi a ku Kariba anacepa ndi cilala cija. Usiku ophunzira anali kusonkhana m'cipinda cimodzi cokhala ndi nyale ya sola, nawerengera pamodzi. M'cipinda cimeneco ndi m'mene anapezera anzake oyamba.

Koma asanawapeze anapirira miyezi iwiri ya kusungulumwa. A m'kalasi mwake, ambiri a iwo ang'onoang'ono kwa iye, anamcha dzina lakuti Walusaka. Akayankha funso bwino anali kuti adzionetsa, akakhala cete anali kuti anyada. Ena anafalitsa kuti anacotsedwa ku yunivesite cifukwa colephera mayeso. Pa malo aang'ono mphekesera siifuna basi. Yocokera ku khichini m'mawa imafika kwa mlonda wa pa cipata dzuwa lisanafike pamutu.

Lilime lake nalo linamgulitsa. Caka ndi theka ca ku Lusaka cinamphunzitsa Cinyanja ca m'tauni, cosakaniza ndi Cinsenga, Cibemba ndi Cingerezi. Tsiku lina m'kalasi ya Cinyanja ananena "manje" m'malo mwa "tsopano", ndi "nifuna" m'malo mwa "ndifuna". Kalasi yonse inaseka. Mphunzitsi, bambo wokalamba amene anaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za ku midzi, sanaseke. Anamuuza kuti alembe mau onse a ku Lusaka amene awadziwa, ndi kufufuza kumene liu lirilonse linacokera. Mlungu wotsatira anaimirira kutsogolo nafotokoza zimene anapeza, ndipo oseka aja anazindikira kuti ambiri a mau amenewo iwonso amawalankhula pa msika wa Kapata ndi ku Down Shops. Kuyambira tsikulo dzina la Walusaka linatsala, koma mbola yake inacoka.

Ndakhala ndikulingalira za mphunzitsi ameneyo. M'holo ya anthu mazana sakanamva n'komwe kuti mtsikanayo wanena ciani.

KUPHUNZIRA ZA PONSEPONSE

Dandaulo lake lina linali la kuculuka kwa maphunziro. Iye anasankha Cinyanja ndi mbiri yakale, koma anapeza kuti afunikanso kuphunzira za maganizo a ana, za cipembedzo, nyimbo, masewera, ulimi wa m'dimba ndi masamu pang'ono. Ku Lusaka njira inali imodzi yoongoka, yopita ku ofesi ya ndalama. Anandifunsa kuti munthu wofuna kuphunzitsa mbiri aimbiranji nyimbo.

Ku America kuli makoleji aang'ono ambiri, onga Occidental ija, amene anamangidwa dala pa maganizo amenewa. Amawachula kuti a liberal arts. Ophunzira amakhala ocepa, kawirikawiri zikwi ziwiri kapena kucepera, amagona pa koleji pomwepo, ndipo asanasankhe phunziro lao lalikulu amalawa zinenero, mbiri, sayansi, masamu, zojambula ndi nyimbo. Eni ake amati colinga ndico kuumba munthu wotha kuganiza, kulemba ndi kutsutsana mwaulemu, cifukwa nchito imene munthu aphunzira lero mwina mawa siidzakhalapo. Ambiri a makoleji amenewo ngodula kwambiri, ndipo anthu amalimbirana malo. N'zoseketsa pang'ono kuti cimene anzathu a kumeneko agula ndi ndalama zambiri, ife tacipeza mwa kusowa. Koleji yathu iphunzitsa za ponseponse cifukwa mphunzitsi akatumizidwa ku Chama kapena ku Vubwi, pa sukulu ya aphunzitsi owerengeka, adzaphunzitsa ciriconse cimene capanda mwini. Koma ndisafanizire mopitirira. Iwo ali ndi nyumba za mabuku zosanjikiza. Kuno buku la Mbiri ya Achewa la Samuel Ntara lilipo limodzi, lomatidwa ndi selotepi, ndipo wolifuna amalembetsa dzina nadikira.

Cimene cinatembenuza mtima wake cinacitika mu teremu yaciwiri. Mphunzitsi wa mbiri anaphunzitsa za Angoni: kuoloka kwa Zwangendaba pa Zambezi mu 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, nkhondo ya mu 1898 pamene asilikali a Britain anagonjetsa Mpezeni ndi kupha mwana wake Nsingo, ndi kuyambanso kwa Nc'wala mu 1980, patapita zaka zambiri mwambowo uli woletsedwa. Anawatengera ku Feni kukaona nyumba yosungira zakale yochedwa ndi dzina la Nsingo. Atabwerako anawauza kuti zimenezo nza m'mabuku, tsono yense apite kwao pa chuthi, akakhale pansi ndi munthu wokalamba koposa m'mudzi, akalembe mbiri ya mudziwo.

Iye anapita kwa agogo ake, amene ali amai anga. Anakhala nao masiku anai pa mphasa akusenda nshawa. Amai anga sadziwa kulemba, ndipo mdzukulu wao atapita ku yunivesite anayamba kumuopa pang'ono, monga aopera anthu a Boma. Tsopano wa ku yunivesite uja anabwera ndi kope nati, "Agogo, ndiphunzitseni." Anamfotokozera za mfunda wathu ndi kumene makolo anacokera asanakhale pa malo alipowa. Anamuuza za msonkho wa atsamunda umene unathamangitsira amuna ku migodi ndi ku mapulazi a ku Rhodesia, ndi za ena amene sanabwerereko. Anamuuza za usiku wa ufulu mu 1964, iwo ali kamtsikana, ndi za cilala ca mu 1992 pamene anthu anadya nsima ya cimanga cacikasu, ndi momwe anagawira ana ufa wotsiriza ndi kapu. Zina mwa zimenezi ine, mwana wao wobala, ndinali ndisanazimvepo. Ndinaziwerenga m'kope la mwana wa mlongo wanga, masamba 14 olembedwa pamanja m'Cicewa cosalala, ndipo ndinacita manyazi, ine amene ndimadyera kulemba nkhani za anthu ena.

Nchitoyo anaiwerenga pamaso pa koleji yonse Lacisanu lina madzulo. Mkulu wa koleji anapempha kuti kopelo lisungidwe m'nyumba ya mabuku, pa alumali limodzi ndi buku la Ntara. Amai anga atamva zimenezi anafunsa ngati Boma silidzawamanga cifukwa ca zimene ananena za msonkho.

ZOSAYENERA KUBISA

Ndinganame ndikati zonse zili bwino. Pa koleji yaing'ono phunziro lirilonse lili ndi mphunzitsi mmodzi. Mukagwirizana naye mwadala, mukasemphana palibe kothawira kwa zaka zitatu. Mphunzitsiyo akadwala kapena akapita ku maliro phunziro limaima. Makompyuta ngowerengeka. Malamulo a nthawi yotsekera cipata ndi a kabvalidwe amamcititsa munthu amene anadzisamala yekha ku Lusaka kumva ngati wabwerera ku Giredi 9. Ndipo foni siileka kumkumbutsa zimene anasiya. Anzake akale amatumiza zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo tsiku lidzafika pamene adzatumiza za mikanjo ya digiri, iye akali ndi coko m'manja. Iye adzatuluka ndi dipuloma. Digiri angaifune pambuyo pake ali pa nchito, monga acitira aphunzitsi ambiri amene amaphunzira pa nthawi ya chuthi, koma njirayo njaitali, ndipo ifunanso ndalama.

Nchito nayonso palibe amene wamlonjeza. Mu 2022, caka cimene maphunziro aulere anayamba kufikira Giredi 12, Boma linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi, ndipo linalembanso ena m'zaka zotsatira. Ngakhale zili tero, aphunzitsi otsiriza maphunziro amene akali kudikira ngambiri, ndipo ena a iwo timawaona akugulitsa m'masitolo ndi m'tinyumba totumizira ndalama pa foni muno m'Chipata. Mlamu wanga nkhani imeneyi amaikumbutsa nthawi zonse tikakumana.

Makolo amene aganiza zosamutsa mwana ayambe afunsa ndalama isanatuluke m'thumba. Afunse ngati kolejiyo inalembetsedwa ku Boma, ndipo cikalata cake acione ndi maso, pakuti koleji ya uphunzitsi yosadziwika ku Teaching Council of Zambia idzapatsa mwana pepala limene silidzamlowetsa m'kalasi. Za nchito za manja ziyang'aniridwa ndi TEVETA, ndipo za unamwino ndi bungwe la anamwino ndi azamba. Afunsenso dzina la yunivesite imene itsimikizira dipulomayo, popeza makoleji ambiri a uphunzitsi amagwira nchito pansi pa yunivesite ina. Ndipo apite ndi mndandanda wa maphunziro amene mwana anakhoza, kuti mkulu wa koleji anene, makamaka molemba, kuti ndi angati amene adzawerengedwa. Ife funso lotsirizali tinalifunsa mocedwa.

Pamene ndilemba nkhani ino, iye akukonzekera kupita kukayesa kuphunzitsa pa sukulu ina ya ku mudzi kwa teremu yathunthu. Mlungu watha ndinapita kukamuona nditanyamula ufa ndi nshawa zocokera kwa amai ake. Ndinampeza m'dimba atabvala citenje ndi jombo za mnzake, akuthirira repu. Ndinamfunsa funso limene ndakhala ndikuliopa: mvula ikagwa bwino zaka ziwiri, atate ake napezanso mphamvu, kodi adzafuna kubwerera ku Lusaka? Anatula ndowa napukuta manja pa citenje. Anati za ku Lusaka sanaziiwale, ndi kuti mabuku a ndalama aja akali m'katoni pansi pa bedi, sanawagulitse ngakhale ena anawafuna. Ndiye anati, "Koma Amalume, andipatsa a Fomu 1, ndipo ndamva kuti ali 70 m'kalasi imodzi. Mundifunireko njinga, sukuluyo ili kutali ndi mseu."

Njinga ndaipeza kwa mnzanga wa ku ofesi, ya Eagle yakale, ya ku fakitale ya Luangwa ija inali muno m'Chipata. Yatsala ndi matayala.